Ichi chakoma ichi chakoma: chimene chimagwetsa kapena kuimika makampani amene timawagwirira ntchito

Amene mwakhalitsa kuno ku Kasarani mukukumbuka kuti pa Thika Road Mall panali sitolo ya Nakumatt. Lero pali Carrefour. Pa Garden City napo panali Nakumatt yemweyo, kenako panalowa Shoprite ya ku South Africa, nayonso sinakhalitse, inalongedza katundu n'kuchoka m'dziko muno. Nakumatt pa nthawi imene inali pa chimake inali ndi masitolo oposa 60 ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Rwanda. Mu Januwale 2020 anthu amene kampaniyo inali nawo ngongole anagwirizana kuti ingotha basi. Ogwira ntchito anabwerera kunyumba, ndipo ambiri amene ankaperekako katundu pa ngongole anangotsala ndi mapepala m'manja.

Ndayamba ndi masitolo chifukwa aliyense amawaona akamadutsa pa msewu wa Thika, koma nkhani yanga ndi ya minda. Pa misonkhano yathu, kaya ku Mwiki, ku Githurai kapena ku Ruiru, funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi kampani yathuyi ili bwino?" Vuto ndi lakuti funsoli limabwera malipiro atachedwa kale miyezi iwiri. Pamenepo ndiye kuti madzi afika kale m'khosi. Kampani siigwa tsiku limodzi. Imayamba kupendekeka zaka zingapo m'mbuyo, pamene eni ake akusankha zoti alime chiyani, agulitse kwa yani, ndiponso apikisane ndi anzawo m'njira yanji. Zosankha zimenezi amazipangira m'maofesi amene ife sitilowamo, koma zotsatira zake zimafika pa mbale yathu ya nsima.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho musayembekezere chizungu chambiri. Koma pa maphunziro ena a atsogoleri a ogwira ntchito anatiuza za mphunzitsi wa ku Harvard ku America, dzina lake Michael Porter, amene mu 1980 analemba buku la mpikisano wa makampani. Mfundo yake ndinaimva msanga chifukwa ndi yomwe aliyense wogulitsa pa msika amaidziwa. Kuti upambane anzako pali njira zitatu. Ukhoza kutchipitsa kuposa onse. Ukhoza kugulitsa chinthu chosiyana ndi cha anzako kotero kuti wogula alolera kulipira zambiri. Kapena ukhoza kusankha kagulu kochepa ka ogula n'kukatumikira bwino kuposa wina aliyense. Amene sanasankhe, amene akufuna zonse nthawi imodzi, amakanirira pakati ndipo ndiye amayamba kufa. Agogo athu analibe Harvard koma anali atanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pusi amene anagwa chagada tonse tikuona ndi Karuturi. Achinyamata amene mwabwera zaka zomwezi mwina simunamve, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Ku Naivasha kunali munda waukulu wa maluwa a rozi wotchedwa Sher Agencies, wa anthu a ku Netherlands. Mu 2007 kampani ya ku India ya Karuturi Global, ya bambo Sai Ramakrishna Karuturi, inaugula. Kampaniyi inkadzitama kuti ndiyo yolima maluwa a rozi ochuluka kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi. Pa mundapo panali nyumba za ogwira ntchito, sukulu, chipatala, ngakhale timu ya mpira imene inkasewera mu ligi yaikulu ya Kenya. Anthu pafupifupi 3,000 ankadya za pamenepo, osawerengera ana ndi achibale. Munthu ukalembedwa ntchito pamenepo unkaoneka kuti wapata.

Maluwa ankawadziwa, msika anali nawo. Koma eni ake anaona kuti rozi sakukwanira. Anapita ku Ethiopia, ku dera la Gambela, n'kutenga malo okwana mahekitala 100,000 kuti azilima chimanga, mpunga, nzimbe ndi mitengo ya mafuta. Taganizani, abale anga, munthu wodziwa kusamala duwa m'shedi ya pulasitiki akukatsegula thengo lalikulu chonchi m'dambo limene sakulidziwa. Mu 2011 madzi osefukira anamiza chimanga chawo. Ndalama zinkangolowa m'nthaka osatuluka. Kuno ku Kenya nako kunabuka mlandu wa misonkho. Pofika chakumapeto kwa 2013 malipiro ku Naivasha anayamba kuvuta, ndipo mu Febuluwale 2014 banki ya CfC Stanbic inaika munda uja m'manja mwa olondola ngongole. Boma la Ethiopia linalanda malo a ku Gambela chakumapeto kwa 2015, ndipo mu 2016 khoti la kuno linalamula kuti kampani ya ku Naivasha ithe. Chipatala chinatsekedwa, timu ya mpira inazilala, mashedi anang'ambika. Ogwira ntchito anakhala zaka akuyendera ndalama zawo m'makhoti.

Tikumbukire kuti wothyola maluwa wa ku Naivasha sanalakwe chilichonse. Ankadzuka m'mamawa, ankakwanitsa muyeso wake, rozi ankakwera ndege ngati kale. Chimene chinamuchotsa ntchito ndi chimanga cha ku Gambela chimene sanachionepo n'kamodzi komwe.

Tsopano tione mbali inayo. Kufupi ndi Nanyuki, m'munsi mwa phiri la Kenya, kuli munda wotchedwa Tambuzi. Poyerekeza ndi zimphona za ku Naivasha ndi waung'ono. Iwo anasankha kusalimbana ndi aliyense pa rozi wamba amene amagulitsidwa m'masupamaketi a ku Ulaya pa mtengo wotsika. Amalima rozi wonunkhira, wa mitu ikuluikulu yodzaza, kuphatikizapo mitundu ya David Austin ya ku England, amene amafunidwa pa maukwati ndi m'mahotela. Amene mwagwirapo maluwa mukudziwa kuti rozi wamba wa malonda alibe fungo kwenikweni. Anamupanga kuti apirire ulendo ndi kukhala masiku ambiri m'madzi. Wonunkhirayu ndi wofewa, safuna nkhanza, ndipo ukamuthyola tsiku lolakwika watayika. Ndiye mtengo wake ndi wina. Wogula sangangonena kuti ndikagula kwa mnzako, chifukwa anzake olima zoterozo ndi owerengeka.

Kusiyana kumeneku kumaonekera pa msika. Maluwa ambiri a kuno amathera ku Netherlands, kumene pa okushoni ya Royal FloraHolland ku Aalsmeer mtengo umayambira pamwamba n'kumatsika mpaka wina atadina batani. Amene munagulitsapo fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mukudziwa mmene zimawawira kuona wina akuika mtengo pa thukuta lako iwe utangoima. Ngati duwa lako likufanana ndi la minda ina 50, pa okushoni ulibe mawu. Koma ngati uli ndi mtundu wakowako, kapena wagwirizana mwachindunji ndi wogula kwa chaka chonse, umadziwiratu ndalama zimene zikubwera, ndipo wantchito naye amadziwa kuti pakatha Valentine pa 14 Febuluwale sathamangitsidwa ngati waganyu.

Kwathu nako chitsanzo chilipo. Tiyi wa ku Malawi pa msika wa dziko lonse amagulidwa motsika, makamaka kuti akasakanize ndi wina chifukwa cha mtundu wake wofiira bwino. Koma esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, inaona kuti kupikisana ndi Kenya pa kuchuluka n'kudzinamiza. Pambali pa tiyi wamba anayamba kupanga tiyi wapadera, woyera, wobiriwira ndi mitundu ina yopangidwa ndi manja, amene amagulitsidwa ndi dzina la Satemwa lenilenilo m'masitolo a tiyi ku Ulaya ndi ku America. Ndi masamba omwewo a ku Thyolo, mvula yomweyo, koma dzina ndi kapangidwe n'zimene zasintha mtengo. Tsabola wa Nali naye ndi chimodzimodzi. Ndani wa ife amene sanapemphepo wachibale wobwera kuchokera kumudzi kuti amutengere botolo? Tsabola ali ponseponse mu Nairobi muno, koma timafuna yemwe uja.

Ngakhale pafupi pompano, ku Kahawa West, pali Farmer's Choice imene inayamba mu 1980. Ntchito yawo ndi nyama, makamaka soseji za nkhumba ndi za ng'ombe. Sanathamangire kukatsegula mabasi kapena mahotela. Lero pa siteji iliyonse ya matatu, kuyambira pa Roysambu mpaka ku Mwiki, mupeza mnyamata ndi kangolo kake akung'amba smokie n'kuthiramo kachumbari. Anagwira chimodzi n'kuchifikitsa pamene anthu ali.

Mpaka apa nkhani ikumveka yokoma, ngati kuti kampani ikangosankha chinthu chimodzi ndiye kuti ife tapulumuka. Ayi, si choncho, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi a za malonda aja. Iwo amayang'ana phindu la kampani. Ine ndimayang'ana kuti phindulo latuluka m'thupi la yani.

Titenge njira yoyamba ija, yotchipitsa. Pa munda wa maluwa ndalama zambiri zimapita ku ndege, ku feteleza ndi mankhwala, ku magetsi, ku malipiro. Mtengo wa ndege bwana sangausinthe. Feteleza amagula pa dola. Chotsala chimene angathe kufinya ndi inu ndi ine. Ndiye kampani imene yasankha kupambana potchipitsa imakweza muyeso wa tsiku, imalemba anthu a makontirakiti a miyezi itatu itatu, imachedwetsa magolovesi ndi majombo. Ndipo mpikisano umenewu ulibe malire, chifukwa pali Ethiopia, imene m'zaka 20 zapitazi yakula kwambiri pa maluwa, ndipo kumeneko boma silinaike malipiro ochepetsetsa a m'makampani omwe si aboma. Pa zokambirana za malipiro mabwana amakonda kutchula Ethiopia ngati mmene mayi amatchulira fisi poopseza mwana. Ku tiyi njira yomweyi yabweretsa makina othyolera. Makina amodzi amagwira ntchito ya anthu ambirimbiri, ndipo ku Kericho ntchito zochuluka zatha. Mu Meyi 2023 anthu okwiya anatentha makina pa minda ya Ekaterra kumeneko. Sindikuvomereza kutentha katundu, chifukwa amene amamangidwa ndi ana athu omwe, koma mkwiyowo sunachoke kumwamba.

Pamene tiyi wa alimi ang'onoang'ono a KTDA, wothyoledwa ndi manja, masamba awiri ndi kansonga, ndi amene nthawi zambiri amapeza mtengo wabwino pa okushoni ya ku Mombasa, makamaka wochokera m'mafakitale a mbali ya phiri la Kenya. Apa pali phunziro kwa ife okambirana ndi mabwana. Kampani ikasankha kupambana ndi ubwino wa katundu, imafuna manja odziwa. Mayi amene wagireda maluwa zaka khumi amaona ndi diso limodzi kuti duwa ili latseguka mopitirira, ili lili ndi kachirombo, ili tsinde lake ndi lalifupi. Munthu wotero sungamulowetse m'malo ndi mnyamata amene wabwera dzulo pa geti. Akachoka, makatoni amabwezedwa. Ndiye pa munda wotere bungwe la ogwira ntchito limakhala ndi polankhulira. Sikuti bwana wa maluwa apadera ali ndi mtima wabwino kuposa mnzake, ayi, koma amatifuna kwambiri, ndipo kufunidwako ndi kumene timagulitsa pa tebulo.

Pali nkhope ina ya mawu akuti kuika mtima pa chinthu chimodzi imene tiyenera kuichenjerera. Kampani yaikulu ikanena kuti tsopano tikufuna kulimbikira pa ntchito yathu yeniyeni, nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti minda igulitsidwa. Finlays inagulitsa gawo lake la maluwa ndi ndiwo zamasamba mu 2015, limene lero ndi Flamingo Horticulture, kenako inatseka minda yake ya maluwa ku Kericho, ndipo mu 2023 inagulitsa minda ya tiyi ya ku Kericho kwa kampani ya Browns ya ku Sri Lanka. Unilever nayo inagulitsa bizinesi yake ya tiyi, kuphatikizapo dzina la Lipton, kwa kampani ya CVC pa mtengo wa mayuro 4.5 biliyoni, ndipo eni atsopanowo mu 2024 anagwirizana zopereka minda ya ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda kwa Browns yemweyo. Mwaona? Azungu aja anawerenga bwino n'kupeza kuti ndalama zili m'dzina la pa paketi, osati m'munda. Dzina anasunga, munda ndi mavuto ake, mvula, malipiro, milandu ya malo, anasiyira ena. Kwa iwo ndi nzeru. Kwa wothyola tiyi ndi usiku wosagona, kudzifunsa ngati zaka zake za ntchito ziwerengedwa ndi bwana watsopano kapena ayambira pa ziro.

Pa nkhani imeneyi ndikupemphani chinthu chimodzi. Munda ukamagulitsidwa musasaine pepala lililonse musanalionetse kwa nthumwi ya bungwe. KPAWU, bungwe la ogwira ntchito m'minda kuno ku Kenya, lili ndi mgwirizano wa malipiro ndi bungwe la olemba ntchito la Agricultural Employers Association, ndipo nkhani ya zaka zimene munthu wagwira ndi ndalama zopumira ndi yofunika kuikambirana kugulitsako kusanathe, osati pambuyo.

Tsopano za 2024 ndi 2025, zimene zandichititsa kulemba. Kenya ndi mayiko a European Union ali ndi pangano la malonda limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, lolola katundu wa kuno kulowa ku Ulaya popanda msonkho. Imeneyo ndi nkhani yabwino. Koma khomo lomwelo lili ndi mlonda. Pali kagulugufe kotchedwa false codling moth kamene mbozi yake imabisala m'mutu wa rozi, m'tsabola ndi m'zipatso. Azungu amakaopa kwambiri kuti kangakawonongere mbewu zawo. Kuyambira pa 26 Epulo 2025 malamulo awo anakhwima: munda uliwonse wotumiza rozi uyenera kukhala wolembetsedwa, uzitsata ndondomeko yoteteza kuyambira m'shedi mpaka polongedza, ndipo bungwe la boma la KEPHIS ndi limene limayendera ndi kuvomereza. Mbozi imodzi ikapezeka ku Ulaya, katundu yense wa ulendo umenewo akhoza kukanidwa, ndipo zikachitika mobwerezabwereza mundawo ukhoza kuimitsidwa kutumiza.

Lamuloli likusefa minda ngati sefa ya ufa. Munda umene uli ndi ndalama zoika maukonde m'mashedi, zitseko ziwiri polowera, misampha, ndi anthu ophunzitsidwa kufufuza tizilombo, upitirira ndipo upeza msika wa amene agwa. Munda umene unazolowera kungopopera mankhwala ambiri ndi kulemba aganyu osinthasintha uvutika, chifukwa Ulaya yemweyo akuchepetsanso mankhwala amene amalola. Ndiye ntchito ya wofufuza tizilombo, imene kale inkaoneka ngati yongoyendayenda ndi kabuku m'manja, lero ndiyo yagwira munda wonse. Achinyamata amene muli m'mashedi, kapitawo akafunsa amene akufuna kuphunzira ntchito imeneyi, kwezani dzanja msanga. Satifiketi yake mupita nayo kulikonse, ngakhale kwathu, kumene minda ya makadamiya ku Thyolo imalimbana ndi tizilombo toboola mtedza.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa akatswiri a nkhondo imeneyi ndi aneba athu. Kuno ku Kasarani kuli likulu la icipe, pamalo otchedwa Duduville, bungwe lofufuza za tizilombo limene linayambitsidwa mu 1970 ndi Pulofesa Thomas Odhiambo. Ambiri timangodutsa pa geti osadziwa zimene zimachitika m'katimo. Iwo ntchito yawo kwa zaka zoposa 50 ndi tizilombo basi, ndipo chifukwa chosasunthika pamenepo dziko lonse limawadziwa. Ndiwo anapeza njira yobzala udzu wa nsenjere m'mbali mwa munda ndi desmodium pakati pa chimanga kuti kapuchi ndi kaufiti zichepe, njira imene inafikanso ku Malawi ndi ku Zambia. Mankhwala ena achilengedwe opangidwa kuchokera ku nkhungu zopha tizilombo, amene kampani ya Real IPM ya ku Thika imagulitsa, anachokera mu kafukufuku wawo. Kwa ife phindu lake ndi lapafupi kwambiri: munda ukamagwiritsa ntchito tizilombo todya tinzake m'malo mopopera tsiku ndi tsiku, chifuwa ndi maso a wolowa m'shedi zimapumako. Amene anakanda khungu usiku wonse atalowetsedwa m'shedi nthawi yodikira isanakwane akudziwa chimene ndikunena.

Chinthu china chimene makampani amadzisiyanitsa nacho masiku ano ndi mbiri. Pa geti mumaona zikwangwani za Fairtrade, za Kenya Flower Council, za Rainforest Alliance. Zina mwa izo zili ndi ndalama zenizeni. Pa maluwa a Fairtrade, 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wogulitsira imapita ku thumba la ogwira ntchito, limene komiti yosankhidwa ndi antchito eni ake imayendetsa, ndipo m'minda yambiri lalipirira ana sukulu. Ngati munda wanu uli ndi chizindikiro chimenechi koma simunamvepo za msonkhano wa komitiyo, funsani. Si mphatso ya bwana, ndi ndalama zanu.

Mbiri ikawonongeka msika umatseka tsiku limodzi. Mu Okutobala 2020 masupamaketi a ku Britain monga Tesco, Sainsbury's ndi Lidl anaimitsa kugula mapeyala a Kakuzi, kampani ya ku Makuyu kupitirira Thika, pambuyo pa madandaulo okhudza nkhanza za alonda ake. Mu Febuluwale 2021 kampani ya Camellia ya ku Britain, imene ili ndi gawo lalikulu mu Kakuzi, inavomera kulipira ndalama zofika mapaundi 4.6 miliyoni pa milandu ya ku Kenya, ndi mapaundi 2.3 miliyoni pa milandu ya amayi 36 ogwira ntchito m'minda ya Eastern Produce ku Malawi, ngakhale sinavomere kulakwa. Ndikutchula izi chifukwa zikuonetsa pamene mphamvu yathu ili. Kampani yogulitsa katundu wopanda dzina pa okushoni saopa manyazi. Koma imene yamanga malonda ake pa kuuza mzungu wa ku London kuti peyala ili ndi loyera, lolimidwa mwachilungamo, imeneyo yadzimangirira yokha, ndipo tili ndi ufulu woikumbutsa zimene inalonjeza.

Wina anandifunsa kuti, nanga ngati kugwira chinthu chimodzi ndi kwabwino, bwanji Malawi ndi fodya wake sanalemere? Funso labwino zedi. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka kapena kuposa la ndalama zakunja za dziko lathu. Koma kudalira si kusankha. Burley wathu timagulitsa wosaphika kwa ogula owerengeka, iwo ndi amene amaika giledi ndi mtengo, ndipo tenanti amene wakhala miyezi 9 m'munda ndi banja lake lonse amabwerera ndi ngongole. Ambiri a ife kapena makolo athu tinachoka kumudzi chifukwa cha zimenezo. Kugwira chimodzi kumathandiza ngati chinthucho ndi chako, chili ndi dzina lako, ndipo ogula ndi ambiri kuposa ogulitsa. Apo ayi wangoika mazira onse pa mutu wa munthu wina. Ngakhale kuno tinaona mu 2020, corona itatseka ndege ndi misika ya ku Ulaya, maluwa akutayidwa m'maenje ndipo anthu zikwizikwi akutumizidwa kunyumba. Alimi a makadamiya nawo anaona mtengo ukugwa koopsa mu 2023. Mapeyala anapeza khomo latsopano pamene Kenya inayamba kutumiza ku China mu Ogasiti 2022, ndipo ndi nzeru imeneyo: mbewu imodzi imene ukuidziwa, misika ingapo.

Ine ndinagwirapo pa munda wina, sinditchula dzina, umene bwana wake ankasintha maganizo ngati mphepo. Chaka china rozi, chaka chinacho zitheba za kunja, kenako anakumba maiwe a nsomba, kenako tinamva kuti wagula malole. Ife tinkasangalala poganiza kuti kampani ikukula. Chimene sitinkadziwa n'chakuti ndalama zimene ankatidula pa malipiro za NSSF ndi za SACCO sizinkafika kumene zinkayenera kupita. Tinazindikira mnzathu wina atapita kukapempha ngongole ya fizi n'kuuzidwa kuti m'buku mwake mulibe kanthu kwa miyezi yambiri. Patapita nthawi yochepa geti linatsekedwa ndi loko.

Kuyambira pamenepo ndimayang'ana zizindikiro, ndipo sizifuna sukulu. Pulasitiki ya shedi ikang'ambika n'kukhala mwezi osasokedwa, mvula ikulowa pa maluwa, dziwani kuti m'thumba mwavuta. Mbewu zakale zikamangosiyidwa osazulidwa kuti abzale mitundu yatsopano, ndiye kuti bwana waleka kuganiza za zaka zitatu zikubwerazi. Mamanijala odziwa ntchito akamachoka mmodzimmodzi mwakachetechete, iwo aona mabuku amene inu simunaone. Galimoto yotenga maluwa kupita ku bwalo la ndege la Jomo Kenyatta ikayamba kubwera kawiri pa sabata m'malo mwa tsiku lililonse, funsani kuti wogula uja wapita kuti. Ndipo pitani nokha ku ofesi ya NSSF kapena yang'anani pa foni ngati ndalama zanu zikulowa. Musadikire kuti kalaliki akuuzeni.

Kwa ife obwera nkhaniyi ndi yolemera kawiri. Mkenya ntchito ikatha amakwera matatu kupita kwawo ku Murang'a kapena ku Kakamega, kumene kuli kamunda ndi abale. Ife kwathu ndi masiku angapo pa basi kudutsa Tanzania, ndipo Malawi ndi Zambia sizili mu East African Community, choncho chilolezo chogwirira ntchito chimene Mtanzaniya kapena Muganda amachipeza mosavuta kwa ife ndi nkhani ina. Amene mapepala ake sali bwino amaopa ngakhale kukadandaula ndalama zake. Ndiye pa banja musatengere nzeru ya kampani ija yogwira chimodzi. Ngati n'kotheka, bambo ndi mayi asalembedwe pa munda umodzi. Ku Karuturi kunali mabanja amene onse awiri ankagwira pamenepo, ana ali pa sukulu ya kampani, nyumba ya kampani, chipatala cha kampani, ndipo zonse zinatha limodzi. Wina akhale m'maluwa, wina ku mapeyala kapena pa kabizinesi ka pa msika wa Githurai, ndipo kangachepe kamene mumatumiza kumudzi kagule mbuzi kapena malata m'dzina lanu.

Pa zokambirana za malipiro zikubwerazi, nthumwi zathu zisangopita ndi nambala ya peresenti yokha. Zifunse kuti maluwa athu akugulidwa ndi yani, angati akupita ku okushoni ndipo angati ali ndi wogula wokhazikika, ndi makatoni angati amene anabwezedwa chaka chatha ndipo chifukwa chake chinali chiyani, komanso ngati kampani yatenga ngongole yatsopano ndipo ndalamazo zalowa m'munda uno kapena zapita kwina. Bwana adzanena kuti zimenezo si za antchito. Mumukumbutse za Naivasha mu 2014.